Silipasi ya Jesinta pa Chimbiya

Ndagulitsa tomato moyandikana ndi a Bonifasio pa msika wa m'mbali mwa msewu pa Chimbiya kwa zaka zambiri, ndipo sindinawamvepo akuyamikira munthu wokhala pa chiwongolero. Iwo amagulitsa mbatata ya kachewere yomwe amalima kwawo ku Mphunzi. Amayenda motsimphina. Kalekale galimoto ina inanyamuka iwo akadakhuthulira kasitomala mbatata pazenera, tayala lakumbuyo n'kuwaponda phazi, zala ziwiri n'kuduka. Mwini galimotoyo sanaime.

Kuyambira tsiku limenelo a Bonifasio salabadira nkhope ya wogula, amayang'ana kanyamukidwe ka galimoto yake. Minibasi amati ndi yaulemu: imayamba yatsokomola, kondakitala amenye chitseko, munthu umapeza mpata wobweza chenje ndi kuponya basela. Lole ndiye imachita kutsanzika. Koma timagalimoto tofupika tamakonoti satikhulupirira ngakhale titazima. Enafe tinkawaseka kuti amakayikira ngakhale ambulansi.

Chaka chatha anyamata awiri a ku Lilongwe anayamba kubwera Loweruka lililonse kudzapikisana pomwe msewu wawongoka, kungopitirira msika wathu. Themba anali ndi galimoto yofiira, Kingsley yakuda. Anthu ankasiya ndowa zawo za malonda kukakangana kuti yaliwiro ndi iti, ambiri akuloza yofiira chifukwa cha phokoso lake.

"Yofiirayo imangokanda phula ndi matayala akumbuyo, utsi tolotolo, isanasunthe n'komwe," anatero a Bonifasio. "Yakudayo imagwira ndi matayala onse anayi. Ukaphethira yapita. Yoipa ndi imeneyo."

Tsoka ilo, mwini wa yakudayo ndi amene anafunsira Jesinta, mwana wa mlongo wawo, yemwe anali atangomaliza sukulu ku Kabwazi ndipo ankawathandiza pamsikapo. Poti iwo ndi atsibweni ake, mawu omaliza pa ukwatiwo anali awo. Kingsley anali waulemu, ankavula chipewa popereka moni, ankagula mbatata osanenerera. Ine ndinamukonda, ndisaname. A Bonifasio ankangoti, "Tiona," maso ali pa matayala.

Loweruka lina, nkhani yotumiza ankhoswe ili mkamwamkamwa, Kingsley anapempha Jesinta kuti aime pakati pa magalimoto awiriwo. Anati akagwetsa chitenje, mpikisano uyambe. A Bonifasio anakana, koma mtsikana anali atafika kale pamzere woyera, akuseka, chitenje chili m'mwamba.

Anachigwetsa. Yofiira inalira n'kuyamba kukanda phula monga mwa nthawi zonse. Yakuda inangotsomphoka, n'kupendekera pang'ono komwe kunali Jesinta. Iye analumphira m'mbuyo, silipasi imodzi n'kuvuka, tayala n'kuiponda pomwe panali phazi lake. Anthu ankakuwa poona yakuda ikusiya inzake kutali. A Bonifasio anali atafika kale pamsewu kukatola silipasiyo.

Kingsley anabwerera akuimba hutala. "Mwaona, atsibweni? Yofiira ija sinandione n'komwe!"

"Nanga iwe unamuona Jesinta?" anafunsa a Bonifasio. Anamuonetsa silipasi yophwatalala, lamba ataduka. Kenako anavula nsapato yawo, chinthu chomwe sanachitepo pamaso pathu, n'kuika phazi lazala zitatu lija pa phula. "Ankhoswe ako asavutike n'kubwera."

"Atsibweni, ndi silipasi chabe," anatero Jesinta, misozi ili chuchuchu. "Inu mumakayikira aliyense. Mukufuna ndikalambire pa ndowa ngati inuyo?"

Kingsley anangotsegula chitseko cha mbali inayo. Jesinta anayang'ana atsibweni ake, anayang'ananso mpando, n'kulowa ndi silipasi imodzi. A Bonifasio anatambasula dzanja kuti agwire chitseko, monga timachitira tonse minibasi ikamachoka ndi ndowa yathu. Koma iyi sinali minibasi. Asanaponye phazi lachiwiri, galimoto inali itazimirira cha ku Linthipe.

Zimandipweteka kuti ndinkawaseka a Bonifasio, ndipo zimandikwiyitsa kuti Jesinta mpaka lero sanaimbe foni. Akuti ali bwino ku tauni, koma akutero ndi anthu omwe sanamuone. Silipasi ija a Bonifasio anaimanga ndi waya, imakhala pansi pa benchi lawo. Galimoto yakuda iliyonse ikamachepetsa liwiro pa Chimbiya, a Bonifasio omwe sankakhulupirira magalimoto otere ndiwo amayamba kufika pazenera, opanda ndowa m'manja.