Kabedi ka Atsibweni

Kwii, kwii. Ndi mmene kabedi kaja kankalirira ukangokakhudza, ngati tcheni cha njinga chosaona oyilo. Mpaka lero ndikamva phokoso lotere ndimatembenuka.

Kanabwera chaka cha chisankho chachiwiri cha matipate, nyengo yachisanu, pamene chiperoni chimatsika ku Michesi n'kukhala pamudzi masiku atatu osasuntha. Ndinali pachikamwini kwa Nazombe, ndipo mwana wathu woyamba, wamkazi, anali ndi miyezi isanu. Anakabweretsa ndi atsibweni a mkazi wanga, mlongo wawo wa apongozi anga, amene ankagwira ntchito ku Limbe. Iwo ankati ndi akapitawo pasitolo ya mipando. Anthu amene anafikako ankati amawapeza pageti atagwira chibonga.

Atatsika minibasi pa Boma anatenga njinga zahayala ziwiri, ina ya iwo, ina ya kabedi. Njira yachidule anaikana. Anadzera pamsika, pachigayo ndi patchalitchi, kuti pasapezeke munthu wonena kuti sanaone. Kabediko kanali kamatabwa, kotchinga mbali zonse, utoto woyera utasupuka m'makona momwe mwana wa abwana awo ankaluma kalekale. M'kati munali matiresi asiponji ofewa ngati buledi, pilo wamaluwa ndi bulangete laubweya.

"Mdzukulu wanga sagonanso pamphasa ngati kamwana ka mbuzi," anatero atsibweniwo. "Dziko lasintha, akamwini. Kapena kwanu uthengawu sunafike?"

Anthu anaseka, poti onse ankadziwa kuti ine kwathu kulibe. Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono. Ndinaleredwa ndi agogo, nkhalamba imene inkatha tsiku lonse ikusenda chinangwa osatulutsa mawu. Ankadwala mphumu. Chimene ndinatenga kwa iwo ndi kumvetsera mpweya wa munthu basi: ndikamalima kuseri, khutu limodzi linkatsala m'nyumba. Pamene ndinkakwatira n'kuti atamwalira, ndipo ankhoswe anga anali obwereka kutchalitchi.

Pamudzipo ine ndi apongozi aakazi sitinkayang'anana. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatukira m'munda mwa nandolo. Akafuna kundipatsa kanthu ankakaika pansi, kapena kutuma mwana. Mawu anga opita kwa iwo ankadzera mwa mkazi wanga, ndipo ambiri ankafera m'njira.

Chibadwire cha mwanayo, apongoziwo ndi amene ankamukulunga akamagona. Ankamuika pa shawelo, manja m'mbali, n'kupinda uku ndi uku mpaka atakhala ngati mkate m'masamba a nthochi. Ali wakhanda zinkamuthandiza, sankadzidzimuka. Koma sabata imene kabedi kanabwera ndinamuona pamphasa masana, ali wosakulungidwa, akukankha pansi ndi chidendene mpaka anagubuduka chafufumimba. Anatsamira manja, nadzutsa mutu, n'kundiyang'ana modabwa. Ndinaona kuti mutuwo unadzuka chifukwa cha manjawo.

"Amake mwana," ndinauza mkazi wanga, "uyu wayamba kutembenuka. Muwauze amayi azimusiya manja kunja. Ndipo pilo uja achoke."

"Ndikati wanena ndani?"

"Ine."

"Inu mwalera angati?" Anaseka, koma osati mwachipongwe. "Amayi alera asanu ndi awiri. Ndiye atsibweni akapeza pilo wawo palibe, ine ndilowera kuti?"

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, atsibweni anaitana anthu: amayi amvano, aphunzitsi awiri, ndi anyamata ovala malaya achipani amene ankatsata paliponse pomwe panunkhira nkhuku. Mwana anayenera kugona m'kabedi kuti anthu aone. Apongozi anamukulunga mothina kuposa masiku onse, namugoneka chagada, mutu papilo. Anthu ankalowa awiriawiri, manja kumbuyo, ngati pachionetsero cha zaulimi. Mayi wina anafunsa ngati kamafuna mabatire. Atsibweni anafotokoza kuti ana a azungu amachenjera chifukwa cha mabedi otere, ndipo aphunzitsi aja, anthu ophunzira ndithu, anagwedeza mitu.

Kenako onse anakakhala pansi pa mtengo wa mango kumva atsibweni akulongosola za chitukuko. Mkazi wanga anali kukhitchini, kutsidya kwa bwalo. Apongozi anakhala pakhomo penipeni pa nyumba yathu, miyendo atawongola, akutongola chimanga m'lichero. Ine ananditumiza kuseri kukawaza nkhuni, ntchito ya mkamwini.

Ndinamva kwii. Ndinasiya nkhwangwa m'chipika. Kwii kachiwiri, kenako zii. Mwana akadzuka amalira, koma uyu sanalire. Nditagunditsa khutu pakhoma ndinamva kaphokoso kamene ndinkakadziwa kuyambira ndili mwana, ka munthu amene akukoka mpweya koma mpweyawo sukubwera.

Nyumbayo inali ndi khomo limodzi, ndipo pakhomopo panali miyendo ya apongozi. Apa ndi pamene ndimadzinyoza ndekha. Ndinaima chapatali n'kutsokomola, monga mwambo umanenera, kuti iwo adziwe kuti mkamwini akufuna kudutsa. Mwana wanga akusowa mpweya, ine ndikutsokomola. Apongozi anayang'ana kumbali n'kuyamba kusonkhanitsa zitsononkho pang'onopang'ono, chimodzichimodzi, mwaulemu wonse.

Ndinawadumpha. Phazi langa linagunda lichero, chimanga chinamwazika pabwalo.

Ndinamupeza ali chafufumimba, nkhope italowa m'maluwa a pilo, siponji itafinyika pansi pake. Miyendo inkapalasa m'kati mwa shawelo ngati nkhuku yomangidwa yopita kumsika. Manja amene akanamudzutsa anali ataphatikizidwa m'mbali. Ndinamutembenuza n'kumunyamula. Nkhope inali itada, tsitsi lili chinyezi, milomo yotuwa. Anakoka mpweya kamodzi, motalika, ndipo analira kulira kumene sindinamvepo kukoma kwake.

Mkazi wanga anathamanga, nandilanda mwanayo. Anamuika paphewa. Ena onse anadzaza pakhomo.

"Akamwini," anatero atsibweni, "mwadumpha apongozi anu? Mwamwa chiyani m'mawa muno? Kodi ndi zimene anakuphunzitsani agogo anu aja?"

"Taonani chimanga," anatero mayi wina wamvano.

"Mwana wamasiye ndi choncho. Alibe womuuza," anawonjezera mnzawo.

Ndinawamvetsera bwinobwino, poti kumvetsera ndiye luso langa. Anakamba za miyendo, za lichero, za nkhuku imene ndiyenera kupereka popepesa. Wina anakumbukira mkamwini wina kwa Mkhumba amene anathamangitsidwa pa mlandu wocheperapo. Za mwana amene anali kusisima paphewa pa amayi ake palibe anafunsa.

Ndinatulutsa pilo, bulangete ndi siponji, n'kuziika pakhonde. Ndinadula mphasa yakale molingana ndi matabwa a pansi pa kabedi, n'kuyalapo chitenje, ndikuchikoka mpaka pasakhale khwinya, nsonga zake n'kuzipanikiza kunsi. Mwana atayamwa n'kukhazikika, ndinamuveka juzi ndi masokosi, ndinamugoneka chagada, mapazi kumunsi kwa kabedi, manja ali pamtunda. Sanachedwe. Anakankha ndi chidendene, kabedi kanati kwii, iye gubudu. Anatsamira manja, nadzutsa mutu, n'kuyang'ana khamu lonse lija kudzera m'mipata ya matabwa.

"Mwasandutsa bedi la ku Limbe khola la nkhuku," anatero atsibweni. "Mukudziwa kuti pilo ameneyu ndi wochokera kunja?"

Apongozi sanali m'gulu lolankhulalo. Anali ataima pakona, akuyang'ana manja a mwanayo. Kenako anatola shawelo pansi n'kutuluka.

Atsibweni anabwerera ku Limbe m'mawa mwake, pilo ali m'khwapa. Ankati pamudzi pano sitinafike poyenera zinthu zotere. Za nkhuku yopepesera anasiya atalamula, ndipo anatchula ndi mtundu wake womwe, yoyera. Ine ndinkangodikira kuti ankhoswe aitanidwe, ndikudziwa kuti obwereka salimbana ndi eni mudzi.

Masana a tsiku limenelo ndinali pakhonde ndikumata chubu cha njinga pamene ndinaona apongozi akubwera molunjika kwa ine. Ndinaimirira kuti ndipatuke, koma kunalibe nandolo woti ndilowemo. Anaima patsogolo panga, nkhope atayang'ana kuphiri. M'manja anali ndi shawelo ija, yochapa, yopinda kanayi. Ndinayang'ana pansi, kudikira kuti aiike pamenepo.

Sanaiike pansi.

"Akamwini," anatero, ndipo aka kanali koyamba kumva mawu awo akubwera kwa ine osadzera mwa munthu. "Sungani inuyo. Uyu wakula."

Anaiika m'manja mwanga, manja a guluu ndi fumbi, n'kubwerera kunyumba kwawo.