Dzanja la Alamu Anga

Alamu anga, amuna awo a achemwali, akhala akusula mipeni kwa zaka makumi awiri ndi zisanu m'kashedi ka kuseri kwa nyumba. Ndi munthu wosalankhulalankhula, koma liuma ndiye musanene.

Mpeni wawo sauviika m'madzi kapena mu oyilo ngati anzawo. Amati madzi amapinda chitsulo. Iwo amautulutsa m'ng'anjo uli psuu, n'kuupana pakati pa zitsulo ziwiri zafulati za aluminiyamu, zokhuthala ngati njerwa, n'kuzimanga zolimba ndi vayisi, chida chopanira zitsulo. Zitsulozo zimayamwa moto msangamsanga, mpeni n'kulimba uli wowongoka. Koma ziyenera kukhala zozizira, chifukwa zikafunda mpeni umatuluka wofewa. Ndiye mpeni ukachoka amazipukuta ndi chiguduli chonyowa, kuziyatsira fani, kenako n'kuikapo chikhatho. Zikati zii, amapana wina.

Ndinawauzapo kuti agule kachipangizo koyezera kutentha. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Alamu, inu muzisoka mathalauza anuwo. Dzanja ili silinandinamizepo."

Mwezi watha wabutchala, amene amagula theka la mipeni yawo, anabweza inayi.

"Ikubuntha ndisanamalize mbuzi imodzi," anatero. "Ikabweranso yotere, ndizikagula ya m'sitolo."

Alamu anadzudzula ogulitsa chitsulo, anadzudzula fani, mpaka chiguduli chinalakwa. Iwo okha ayi.

Loweruka ndinawapeza akusula ina yolowa m'malo mwa yobwezedwayo. Atachotsa mpeni wachitatu anapukuta zitsulo zija, anadikira pang'ono, anaika chikhatho pachitsulo n'kuchisiya pomwepo kanthawi.

"Zazizira," anatero.

Nthawi yomweyo achemwali analowa ndi tiyi. Posowa poika kapu, anakankha chitsulocho ndi zala.

"Mayo ine!"

Kapu pansi phwaa! Anaika zala m'kamwa, maso ali pa amuna awo. Kenako anawagwira dzanja n'kulitembenuza. Chikhatho chinali chofiira, matuza atsopano pamwamba pa zipsera zakale.

"Bambo, simukumva? Kuyambira liti?"

"Chaka chatha, atandipeza ndi shuga. Ndimati dzanzili litha lokha."

"Chaka chathunthu, ife tikugona nyumba imodzi!"

Ine mawu oti "ndinanena ine" anali atafika kale pakamwa, koma ndinawameza. Kunena zoona, ndinamva chisoni. Munthu wamkulu anangoima akuyang'ana dzanja lake ngati la mwini.

Mpeni wachinayi unali udakali m'ng'anjo, ndipo wabutchala anali kubwera Lolemba. Alamu anaviika chiguduli, anapukuta zitsulo, anasendeza fani pafupi. Anatambasula dzanja mwachizolowezi, n'kulibweza.

"Mayi," anatero motsitsa mawu, "gwirani inu. Mundiuze."

Achemwali anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kukhudza chitsulo ndi nsonga ya chala.

"Dikirani kaye."

Alamu anakhala pansi, nadikira.