Tambala wa mu nyimbo ya amalume

Ndine ndinayambitsa zonsezi, ndipo mpaka lero ndikazikumbuka ndimaseka ndekha. Ndinali Fomu 3, ndikukhala kwa amalume ku Kapondo. Amalume amalima mtedza, koma mukawafunsa ntchito amati ndi oyimba. Kachipinda kosungiramo mbewu anakamata mathireyi a mazira ndi masaka akale a fodya, n'kuikamo laputopu, kiyibodi ndi maikolofoni yomanga ndi mphira. Ankajambula masana, sola ikakhala ndi mphamvu, limodzi ndi mnzawo wa kuubwana woyimba gitala, amene ankapitapita ku Chipata kukaoda zitenje.

Chinkandinyansa n'kudzitama. "Ine sinditengera munthu, nyimbo zanga zimachokera m'mutu muno." Chonsecho ndinkawamva akuliza makaseti akale a kalindula, chitseko atatseka.

Panali nyimbo ina ya zoyimbira zokhazokha, yopanda mawu, imene anaivutikira miyezi itatu osalola aliyense wakunja kuimva. Tsiku lina atapita kudimba ndinalowa m'kachipindako, n'kuyimbamo ngati munthu wa ku Zambia, "manje manje nibwela, mami," mawu n'kuwanenepetsa pa laputopu. Ndinaipereka kwa mnzanga wometa tsitsi pamsika kuti aziliza, ndipo wofunsa azimuuza kuti yabwera ndi dalaivala wa thiraki.

Loweruka amalume anapita kukameta. Anabwerako mutu utametedwa mbali imodzi, nyimbo ija ili pafoni yawo.

Sanakalipe. Anasintha nambala yotsegulira laputopu, n'kuyamba kuyenda ndi kiyi wa kachipinda m'sokosi. Wagitala atafika anamukhazika pakhonde m'malo momulowetsa.

"Achimwene, ku Chipata kuja mumangokaoda zitenje basi?"

"Nanga ndizikaodanso chiyani?"

"Nyimbo ija tinaimva anthu awiri. Ine sindinawolokepo malire chaka chino."

Wagitala anamvetsera nyimboyo pafoni ya amalume mpaka kutha. "Kapena munaimva kwinakwake kalekale n'kuiwala. Makaseti anu aja ndi ambiri."

Mawu amenewo anawalasa kuposa kubedwa. Wagitala ananyamula gitala ndi chingwe chake, osatsanzika. Amalume anatha sabata yonse akumvetsera kaseti imodziimodzi, kufufuza ngati anaberadi munthu osadziwa. Kutchalitchi awiriwo ankakhala mabenchi osiyana. Apa ndinayamba kuona kuti chibwana changa chikupha ubwenzi wakale kuposa ine, koma kuulula ndinkati mawa.

Amene anandigwira ndi azakhali, akazi awo a amalume. Ankasenda mtedza pakhonde, amalume akubwereza nyimbo ija mwina kakhumi.

"Bambo, tabwezerani pamenepo."

Anabwezera. Kuseri kwa mawu a "wa ku Zambia" kunamveka tambala, kulira kwake kodukira pakati ngati watsamwa chimanga.

"Tambala ameneyo ndi wathu," anatero azakhali.

"M'nyimbo yanga mulibe tambala."

"Ndiye kuti mlendo wanuyo anayimbira pakhomo pano."

Onse awiri anatembenukira kwa ine. Ndinayesa kukhala ndi nkhope ya munthu wowerenga, koma buku ndinali nditaligwira chozondoka.

"Mphwanga, tanena kuti manje manje," anatero amalume.

Ndinanena. Azakhali anaseka mpaka lichero linagwa. Amalume sanaseke, komabe ndinaona mapewa awo akutsika: nyimbo inali yawoyawo ndithu.

Tsiku lomwelo ndinayenda wapansi mpaka kwa wagitala, kukagwada, n'kubwera nditasenza gitala iye akupalasa njinga pang'onopang'ono kumbuyo kwanga, akundiyimbitsa nyimbo yanga ija njira yonse. Ndipo holide yonse, iwo akamajambula, ine ndinkakhala pansi pa mtengo wa mango nditakumbatira tambala, chala pamlomo pake kuti asalire. Sizinandivute kwenikweni. Mthunzi unali wabwino, mango anali atapsa, ndipo gitala ikafika pokoma chala changa chinkaterereka chokha.