Injini mu Mgolo wa a Nabanda

Anzanga akamakumbukira agogo awo amatchula fungo la fodya wa m'chigafa. Langa ndi lina: petulo wosakaniza ndi oyilo, utsi wokwawa pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nkhokwe, ndi phokoso la chingwe chokokedwa mobwerezabwereza, injini n'kutsokomola pang'ono, kenako zii, nkhuku zitathawira kale kutchire, agalu akuuwa chapatali.

Ndine munthu wosunga mapepala. Khadi langa la ubatizo, malisiti a msonkho a malemu amuna anga, ngakhale timapepala ta kusikelo ta ana anga, zonse zili m'sutikesi, chilichonse pamalo pake. Koma za agogo anga aamuna, a Mwale, ndilibe ngakhale kapepala kamodzi, ndiye anthu apezerapo mpata. Mpaka lero kumudzi kwathu, kufupi ndi Mitundu, kuli ana obadwa dzana amene amaseka kuti kunali nkhalamba yopenga yomwe inkafuna kuwoloka nyanja ili mu mgolo. Onena zimenezi sanawaone n'komwe agogo anga. Ine ndinalipo, ndipo nkhaniyi ndiyiika m'malo mwake.

Zinali zaka za Chitaganya, ine ndili kamtsikana kongoyamba kusenza mtsuko. A Mwale anali mkamwini. Kwawo kunali kunyanja, cha ku Salima, koma anakwatira agogo aakazi, a Nabanda, ali mnyamata, nakhala pamudzi pathu mpaka imvi. Pakati apo anakagwirako ntchito kudoko la Beira. Anzawo pobwera ndi njinga ndi magalamafoni, iwo anabweranso ndi injini ya boti, yakalekale, yomwe bwana wawo anaitaya. Inakhala zaka zambiri pakona ya nyumba itakulungidwa m'chiguduli, pakuti kwathu madzi aakulu ndi a padambo basi.

A Nabanda anamwalira mvula itangotha. Mwambo aliyense ankaudziwa: pakapita nthawi kuphikidwe mowa, anthu amete, kenako mkamwini asudzulidwe, abwerere kwawo. Munda, nyumba, nkhokwe, ana ndi ife adzukulu, zonse ndi za kuchikazi. Mwini mbumba anali a Kachiza, mlongo wawo wa malemu, ndipo anagamula kuti mowawo uphikidwe mu mgolo wa a Nabanda, womwe ankaphikiramo moyo wawo wonse, kuti mzimu wawo usadandaule.

M'mawa wina tinangopeza mgolowo uli pansi pa mango, wodzaza madzi, injini itamangidwa m'mphepete mwake, mchira uli m'madzi.

"Alamu, ichi n'chiyani?" anafunsa a Kachiza.

"Injiniyi siilira pouma, imapsa. Imafuna madzi."

"Mgolowo ndi wa mowa."

"Ndikudziwa. Koma mukufuna ndikafike kwathu ndi chiyani, ndevu zokha? Ikangolira, ndikapeza mwini bwato woti tigwirizane, ndizidya. Ndipatseni masiku ochepa."

A Kachiza anazungulira mgolowo akukanda chibwano. Kuthamangitsa nkhalamba chimanjamanja kukanawachititsa manyazi pamudzi. "Masiku ochepa," anatero, n'kumapita.

Ine ndinkagona m'nyumba mwa agogo kuyambira pomwe a Nabanda anadwala, choncho ntchito yonseyo ndinaiona ndi maso anga. Matenda a injiniyo, ankatero agogo, anali mu kabuleta, kachitsulo konga kachikho komwe kamasakaniza petulo ndi mpweya. Anakamasula atakhala pamphasa, tizidutswa take n'kutiyala pansalu yoyera motsatana monga tatulukira, ndipo tsoka kwa nkhuku kapena mwana wopondapo. M'kati munali kanthu koyandama, kopepuka ngati chotsekera botolo chofewa chija cha khungwa la mtengo, komwe kanali katafumbwa. Kachikopa kotseka kuti petulo asadonthe kanali katauma n'kuthetheka, ndipo kabowo kodutsa petulo, kakang'ono ngati diso la singano, kanali katatsekeka ndi litsiro.

Masiku amenewo agogo sankakhazikika. Ankadzuka nkhuku zisanatsike, kukhala pamphasa, kuimirira, kupita kumunda womwe sunalinso wawo, kubwerako osagwira kanthu, kudya chakuimirira, kenako n'kupopa njinga. Ulendo wa ku Nathenje unali wautali ndi wafumbi, ine ndili pakaliyala miyendo itachita dzanzi, tikudutsana ndi ngolo zodzaza fodya. Kumeneko, pakhonde la sitolo ina m'mbali mwa msewu wa ku Dedza, pankakhala Che Saidi, okonza njinga ndi mapulaimasi ophikira.

"Mwabweranso, a kunyanja? Boti lanu lafika pati, pa mtsinje wa Diamphwe?"

"Likadali padoko, Che Saidi. Ndipezereni chotsekera botolo chachikulu, ndi kasingano kotokosera pulaimasi."

"Ulendo watha munatenga waya. Mawa mudzafuna nangula."

"Mukakhala naye mundisungire."

Chotsekera botolocho anachisema ndi lezala mpaka chinafanana ndi kanthu kofumbwa kaja, nachipaka vanishi wopempha kwa kalipentala kuti chisamwe petulo. Kachikopa katsopano anakadula ku lilime la nsapato yawo yakale. Kabowo kaja anakatokosa, kuuzira, kuyang'anitsa kudzuwa, kuuziranso. Petulo ankabwera m'botolo kuchokera kwa woyendetsa lole yonyamula fodya.

Tsiku lina masana, anthu onse ali kokolola, agogo anakulunga chingwe, nakoka. Injini inatsokomola, inagwedezeka, kenako inalira bwinobwino, mosalala, madzi akuwinduka mu mgolo, thovu likusefukira pansi. Ine ndinayamba kudumpha. Agogo sanaseke. Anaimirira manja ali m'chiuno, akuyang'ana mitengo ya kumanda komwe kunagona a Nabanda. Kenako anawerama, napotoza kasikuluwu kena ka pa kabuleta pang'onopang'ono, mpaka injini inatsamwa, n'kuzima.

"Yalira, agogo."

"Sinalire. Yangoyasamula."

"Mwaizimitsa nokha. Ndaona."

Anapukuta manja pa chiguduli nthawi yaitali. "Esinati, kasikuluwu aka ndi mlomo wa injini. Ukakatsegula kwambiri, injini imakhuta petulo, imatsamwa. Ukakatseka kwambiri, imafa ndi njala. Pali malo amodzi okha pomwe imakondwa."

"Nanga malowo mwawapeza?"

"Ndinawapeza kale. Pita ukatunge madzi."

Ndinali mwana, koma si mwana wopusa. Mgolo ukakhala ndi injini, mowa suphikidwa. Mowa usanaphikidwe, mkamwini sasudzulidwa. Ndinatseka pakamwa, ndipo ulendo wotsatira wa ku Nathenje ndinakwera pakaliyala mosangalala, tikukafuna pulagi ya injini yomwe sinkafunika.

Masiku ochepa aja anadya nyengo yonse yozizira. Azimayi ananyika chimera, anachiyanika, chinafumbwa, ananyikanso china. Mayi anga, mwana wawo wa agogo, ankabweretsa chakudya osayang'ana bambo awo kumaso, pakuti mbali ina ankakalipiridwa ndi amalume awo, mbali ina mtima sunkawalola. Madzulo aliwonse agogo ankakoka chingwe anthu akuona, injini n'kutsokomola, iwo n'kupukusa mutu, "Chatsala chinthu chimodzi."

Mitengo itayamba kuphukira, a Kachiza anabwera ndi akuluakulu awiri. Sanakweze mawu, ndipo pamenepa ndiwachitira chilungamo, ngakhale ndinawasungira mkwiyo zaka zambiri.

"Alamu, onani mutu wangawu. Sunametedwe. Mlongo wanga sanagone, akudikira mowa wake. Si inu nokha mukumulira. Ngati siilira lero, ndiitulutsa ndekha, muinyamule yakufa."

Agogo anayang'ana mutu wa a Kachiza, tsitsi la imvi litanyankhalala ngati lawo lomwe. Anawerama, napotoza kasikuluwu kaja pang'ono chabe, osafufuza n'komwe, nakulunga chingwe, nakoka kamodzi. Injini inalira mpaka masamba a mango ananjenjemera, madzi akuwaza miyendo ya akuluakulu aja.

A Kachiza anaona dzanja lomwe silinafufuze, ndipo anamvetsa zonse. Anadikira kuti agogo aizimitse.

"Ikulira bwino, alamu."

"Mpweya wa kuno ndi wopepuka. Kunyanja ndikaichunanso."

Mgolowo anautsuka okha agogo, ndi phulusa, mchenga ndi madzi otentha, natenthamo udzu, osalola mkazi aliyense kuwathandiza. Komabe mowawo unatuluka ndi kafungo ka petulo. Anthu ankamwa akukwinya mphuno, ndipo pamenepo ndi pomwe panayambira nthabwala zomwe zikundipwetekabe. Tinameta. Anawasudzula. M'mawa mwake ngolo inawatenga kupita ku Nathenje kukakwera lole, injini ili pamiyendo m'chiguduli chake, njinga atawasiyira mayi anga. Sindinawaonenso. Tinangomva pambuyo pake kuti anamwalira kwawoko, pakati pa abale omwe ambiri sankawadziwa. Ngati injiniyo inakhudzako madzi a nyanja sindidziwa, ndipo zomwe sindidziwa sindilemba.

Mwana wanga wamkazi atamwalira, abale anabwera kudzakhala pakhonde panga. "Amayi, za mkamwini uja tikambe liti?" Ndinawauza kuti mowa aphike, timete, zonse zichitike mwa dongosolo lake, koma mawu oti "bwererani kwanu" sadzatuluka pakhomo panga ine ndili moyo. Ananena kuti ndikuphwanya mwambo, ena anasiya kundipatsa moni. Asiye. Mkamwini wangayo akadali pompano, imvi zayamba kumutuluka, akulima munda wa mkazi wake pamodzi ndi ana ake.