A Kopolo Ometa ndi Mwana Wawo

Pafupi ndi shopu yanga yosokeramo zovala pali kachipinda ka a Kopolo, ometa tsitsi. Muli mpando umodzi, galasi long'aluka pakona, ndi makina olira ngati njuchi. Dzinali anabwera nalo kunkhondo, ndipo la makolo awo palibe akulikumbuka.

Anyamata akakhala pabenchi kudikira, pakamwa pamawayabwa: "A Kopolo, munapha angati?" Iwo amangoti, "Weramitsa mutu, iwe." Ine zimandinyansa. Munthu woti nkhuku imamuthawitsa, kufunsa za mitembo ngati zigoli za mpira!

Akazi awo a Kopolo anachoka kalekale, atatopa ndi mwamuna wosalankhula. Masana amadya okha atayang'ana khoma. Ine anandiuza za kunkhondoko kamodzi kokha, magetsi atazima, tonse tili pakhonde manja lende. Munthu amene anamuwombera sanamuone nkhope. Munthuyo anali atawerama pamtsinje akutunga madzi, mfuti ili pambali.

"Ndinaona nkhongo yokha, a Telala," anatero. "Yometedwa bwino, mzere wowongoka. Ndiye kuti alipo amene anamugwira mutu mosamala. Akuluakulu anati ndachita bwino, ndipo mwina n'zoona, akanatembenuka akanatimaliza. Koma ine ndinamupeza akutunga madzi."

Magetsi atayaka anabwerera mkati, kukayang'ana nkhongo za anthu mpaka madzulo.

Mwezi watha kunabwera mwana wawo wamwamuna, amene anakulira kwa mayi ake ndipo kuno amafika mwa apo ndi apo. Anakhala pampando akumwetulira. "Bambo, andilemba usilikali. Ndimeteni mpala. Ndimafuna mundimete inuyo."

Ndinasiya kusoka. Khoma lathu ndi la matabwa, lili ndi mpata, ndipo ine sindinamizira kuti sindisuzumira. A Kopolo anamufunditsa nsalu n'kumuweramitsa mutu. Makina anadutsa kamodzi, kenako zii. A Kopolo anaima nthawi yaitali akuyang'ana nkhongo, dzanja lili pakhosi pa mwanayo.

"Bambo, mwatani?"

"Usapite."

"Chifukwa chiyani? Inu simunapite?"

Mumtima ndinkakuwa kuti nenani, akulu inu, muuzeni zimene munandiuza ine, mpata wina simudzaupeza! Koma iwo anangoti, "Makinawa afa."

Mnyamatayo anayang'ana babu loyaka padenga, n'kuyang'ana bambo ake pagalasi. Anavula nsalu ija, anaipinda bwinobwino, n'kuwoloka msewu kupita kwa wometa wina, mutu uli ndi kanjira kamodzi. Atatuluka kumeneko sanabwerere kudzatsanzika. Anakwera minibasi.

Ndinawamvera chisoni a Kopolo, komanso anandikwiyitsa. Ndinalowa kuti ndiwakalipire, koma ndinawapeza atagwada pansi, tsache lili potero. Ankatola tsitsi la mwana wawo ndi zala, kuliika m'thumba la malaya.