Buleki Imene Inkandikankha Phazi

Ena akamva nkhaniyi amati ndikukokomeza, koma pa msinkhu wangawu ndilibenso mphamvu zopekera bodza, ndipo anthu amene analipo tsikulo adakali moyo. Zinachitika zaka zingapo zapitazo, ndikuyendetsa takisi pakati pa Salima ndi Senga Bay.

Galimotoyo ndinali nditangoigula kumene, yochokera ku Japan, pomwe moyo wanga wonse ndinazolowera zakalekale zija zopanda timagetsi tambirimbiri. Tsiku lina nditapita kugombe kukanyamula amayi ogula usipa, tayala limodzi linatitimira mumchenga n'kumangozungulira pamodzimodzi, kenako ndinamva kukukuta pansi pa boneti ngati munthu akutafuna chimanga chokazinga, kanyali kachikasu kakuphethira, galimoto n'kudzitulukira yokha. Sindinauze munthu. Patapita masiku mbuzi inadumphira mumsewu, ndipo nditaponda buleki mwamphamvu inayamba kunjenjemera n'kumandikankha phazi, ngati pansi pali wina akugogoda. Inuyo mukanaganiza chiyani? Pasiteji pathu nsanje ndi yosayamba, ndipo anzanga ena anali atayamba kale kufunsana kuti galimoto yotere ndaipeza bwanji.

Mkazi wanga anati ndipite nayo kugalaja ku Lilongwe, ine ndinati ndilibe tsiku lotaya. Makanika wina wa pansi pa mtengo anangosuzumira n'kunena kuti timagetsi timeneti tilibe ntchito m'misewu yathu ino, anazula fyuzi imodzi, ndipo kanyali kamene kanatsala koyaka anakamata ndi tepi wakuda. Kugogoda kunatheratu, mtima wanga n'kukhala pansi.

Mvula yoyamba itagwa, m'mawa wina ndinapeza hayala ya anthu anayi opita kumaliro ku Khombedza. Msewu wa tala unali woterera ndi matope amene ngolo zinasiya. Kutsogolo kwathu bambo wina wa panjinga, atamanga dengu la nsomba kumbuyo, anazemba dzenje n'kulowa pakati pa msewu. Ndinaponda buleki, matayala onse anauma gwa, galimoto n'kumangotsetsereka. Ndinakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto koma galimoto siinamve, inkangolunjikabe kwa iwowo, ndipo ndinawaona bwinobwino akutembenuka kundiyang'ana, chisoti chawo choyera chili kumutu. Mayi amene anakhala pambali panga ankangotchula dzina la Mulungu chapansipansi.

Bambo aja anagwera paboneti n'kugubudukira m'ngalande, nsomba zili mbwee pamsewu. Mwendo unathyoka pawiri. Ndinawathamangitsira ndekha kuchipatala, ndipo njira yonse sanandinyoze ngakhale kamodzi, ankangofunsa ngati pali amene wawatolera njinga, poti ndi imene imadyetsa ana. Akananditukwana, mwina zikanandipepukira. Mpaka lero amayenda chotsimphina.

Za kupolisi ndi kukhoti sindinena, zinanditopetsa mokwanira. Amene anandimaliza ndi makanika wachikulire amene ankakonza galimotoyo pambuyo pake. Atamatula tepi uja anandiitana n'kundionetsa kabokosi kachitsulo kotuluka timapaipi pafupi ndi injini. Anati m'menemo muli kapampu ndi tizitseko totsegula ndi kutseka mafuta a mabuleki, ndipo patayala lililonse pali kachipangizo kowerenga mmene likuzungulirira, ndiye tayala likafuna kuuma kabokosiko kamachepetsa mphamvu ya mafutawo n'kuibwezeranso, kambirimbiri pa sekondi imodzi, kuti lizigudubuzikabe ndipo chiwongolero chizimvera. Kugogoda kwa kuphazi kuja kunali komweko. Mumchenga muja, anati, kanagwira tayala loterereka lija kuti mphamvu ipite kwa linzake. Kenako anandifunsa modekha kuti anandiuza ndani kuti ndikazimitse.

Sindinganene motsimikiza kuti ndikanawazemba bambo aja, zimenezo akudziwa ndi Mulungu, koma ndikukhulupirira kuti panalibe munthu aliyense amene anandichita chipongwe, ndinadula ndekha dzanja limene linkandithandiza chifukwa sindinafune kufunsa. Utakisi ndinausiya, panopa ndimalima mpunga, ndipo ndikakwera galimoto ndimasankha mpando wakumbuyo.

Inu amene mudakali pamsewu, buleki ikanjenjemera pansi pa phazi musachotse phazilo, pondanibe n'kumawongolera. Ndipo kanyali kakayaka osazima musakamate, kafufuzeni chimene kakunena, chifukwa amene adzakhale kutsogolo kwanu tsikulo sadzadziwa kuti munazula fyuzi.