Pasipoti Imene Ndinataya ku Najma

Ndinali ndi zaka khumi pamene ndinalepheretsa ulendo wa bambo anga. Tinkakhala ku Najma, mu Doha, m'kanyumba ka zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ya mipando yakale. Amayi ankachapa ndi kusita nsalu pahotelo ina. Bambo ankaimba gitala pahotelo yomweyo, kubwereza nyimbo zomwezomwezo kwa alendo amene ankangodya osacheuka.

Chaka chimenecho, kukhomo loyandikana ndi lathu kunabwera nkhalamba ya ku Chennai, ku India, a Raman, kudzacheza kwa mwana wawo. Ankaimba vayolini atakhala pansi chopinda miyendo, mutu wa vayoliniyo utatsamira pakakolo. Kulira kwake kunali kotsetsereka, ngati kwa munthu wosafuna kuti anzake amve. Bambo atamva kudzera kukhoma anakagogoda, ndipo kuyambira tsikulo masana aliwonse ankakhala pamkeka wa nkhalambayo. Ndikakawaitana kuti adzadye, ndinkawapeza akuomba chikhatho pantchafu, kuchitembenuza, kuwerenga ndi zala, uku akubwereza manotsi a nyimbo za ku India, "sa, ri, ga, ma", ngati mwana wa sitandade wani. M'chipindamo munkanunkhira khofi ndi lubani. Ndinali ndisanawaonepo bambo akusangalala chotero.

A Raman atabwerera kwawo anatumiza uthenga woti bambo apite akaphunzire miyezi iwiri, ndipo asazengereze, chifukwa a Ramanwo thupi linali litayamba kuwakana. Bambo anachonderera mabwana awo mpaka anawapatsa tchuthi.

Nkhaniyi ndinamuuza mnzanga Misozi, wa ku Chipata, tili m'basi ya kusukulu. Iye anangokweza mapewa. "Adadi anga naonso anakamba ati two months chabe. Khalas, basi, sanabwerenso."

Mawu amenewa anandikhala pamtima sabata yonse. Kutatsala masiku awiri kuti bambo anyamuke, m'mawa ndikutuluka, ndinasolola pasipoti m'thumba la jekete lawo. Ndinaikulunga m'pepala la buledi n'kuiponya m'chibini chachikulu cha pamsewu. Pobwera masana ndinasuzumiramo. Galimoto ya zinyalala inali itadutsa kale.

Bambo anagubuduza nyumba yonse. Anakhuthula masutikesi, anang'amba nsalu ya pansi pa sofa, kenako anayenda padzuwa loswa mtengo kufunsa m'sitolo iliyonse imene anali atalowamo. Anabwera malaya atamatirira kumsana, naima pakhomo la kukhitchini.

"Mwaibisa ndinu, mayi a Thoko. Ulendowu simunaufune chiyambire."

Amayi anaika pansi mpeni. "Ndikanakhala wokana, ndikanakusitirani malaya onsewa?"

Ine ndinali pompo, ndikusenda adyo. Ndinaweramitsa mutu n'kupitiriza kusenda.

Ndege inapita. Pasipoti yatsopano inatenga miyezi yambiri, ndipo isanafike, mwana wa a Raman anagogoda kwathu maso ali ofiira, kudzanena kuti nkhalamba ija yamwalira. Bambo anamvetsera, anamupepesa, n'kuvala suti yawo yakuda kupita kuntchito. Za nyimbo za ku India sanazitchulenso.

M'nyumba munazizira. Panalibe kukalipirana, koma makolo anga anayamba kulankhulana kudzera mwa ine. "Kawauze amako kuti lero ndili ndi overtime." "Kawafunse abambo ako ngati adya." Ndinkanyamula mauthengawo mokhulupirika, kuchoka pabalaza kupita kukhitchini, mtunda wa mapazi asanu. Tsiku lililonse ndinkati ndiulula mawa, ndipo tsiku lililonse kuulula kunkalemera kuposa dzulo lake.

Patatha zaka zitatu, amayi anasiya ntchito kuti abwerere ku Blantyre pamodzi ndi ine. Anali akumanga makatoni ndi chingwe pamene ndinagwada pamaso pa bambo n'kunena zonse: za Misozi, za pepala la buledi, za chibini.

Bambo anati, "Ukanandifunsa, mwana wanga, ndikanakuuza tsiku lobwerera. Za ulendo zisiye, unali mwana. Koma amako wawasenzetsa mlandu zaka zitatu. Kagwade uko, osati kuno."

Ndisanadzuke, iwo anali atayamba kale kugwada pamaso pa amayi. Amayi anatiyang'ana tonse awiri, chingwe chili m'manja.

"Iwe unakhala chete chifukwa cha mantha," anatero kwa ine. Kenako anatembenukira kwa bambo. "Nanga inu, munandiganizira zoipa chifukwa chiyani?"

Amayi anamaliza kumanga katoni ija, ndipo Lachisanu lake tinakwera ndege awiriwiri.

Lero ndine mayi wa ana awiri. Makolo anga onse ali moyo, wina ku Blantyre, wina ku Lilongwe, ndipo akakumana pamaliro amapatsana moni waulemu ngati anthu a mpingo umodzi. Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti cholakwa changa chachikulu chinali kutaya pasipoti. Tsopano ndikudziwa kuti chimenecho chinali cha m'mawa umodzi, ndipo chikanakhululukidwa tsiku lomwelo. Chimene chinapasula banja lathu ndinachichita tsiku ndi tsiku kwa zaka zitatu, nditakhala nawo patebulo limodzi, pakamwa nditatseka.